Katungwe Amene Ndinawasiyira ku Area 3

Anthu akaona zala zanga amafunsa ngati ndinapsa ndi moto ndili mwana. Sindinapse. Ndi ukonde umenewu. Zaka zimene ndinakhala ku Joni ndinazithera pa doko lina la kunyanja yamchere, kupitirira Kepitauni, ndikusoka maukonde a sitima za nsomba. Chingwe chake chikauma ndi mchere chimadula ngati lezala, ndipo bala la m'mawa limakumana ndi mchere womwewo masana. Sindikunena izi kuti wina andimvere chisoni. Ndikufuna mudziwe kumene ndinaphunzira kumanga mfundo, chifukwa mfundo zimenezo ndi zimene zinandibwezera mwana wanga.

Ndinachoka Tiyamike atangosiya kuyamwa. Bambo ake sindiwatchula. Anathawa mimba isanaoneke n'komwe, ndipo nkhani yawo imathera pomwepo. Amayi anga anali atamwalira. Wotsala anali achimwene anga a Lenadi, amene amagwira ntchito mu banki ina ku City Centre, ndipo amakhala ku Area 3 m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume ake. Ndiye pamene anati, "Musiye kuno mwanayo, malume ake ndine, iwe ukapeze pogwira," sindinaone cholakwika.

Akazi awo, alamu anga a Gilesi, anamulandira atatambasula manja ngati akulandira keke. Ine ndinamasula chitenje chimene ndinkamuberekera, chobiriwira cha maluwa achikasu, n'kuwapatsa.

"Akamavuta muzimufunditsa ichi, alamu, amagona."

Anachigwira ndi zala ziwiri.

Za ulendo sindikumbuka zambiri. Ndimakumbuka kuti mabere anali akutulutsabe mkaka, ndipo malaya ananyowa tisanafike n'komwe pa boda.

Kumene tinkagona chinali chishedi cha malata kuseri kwa bwalo losokera maukonde. Tinali amayi okhaokha, ena a ku Malawi, ena a ku Zimbabwe, ena a ku Mozambiki, matiresi titayala pansi mogundana. Nyengo yozizira mphepo ya kunyanja inkalowa pansi pa chitseko mpaka m'mafupa. Nyengo yotentha malata ankatiphika, ndipo nsikidzi zinkadya ife ngati ndife malipiro azo. Apolisi akamabwera kudzafunsa mapepala, mlonda ankaimba mluzu, ife n'kulowa pansi pa milu ya maukonde ngati nsomba zomwezo. Ukatuluka m'menemo umanunkha mpaka Lamulungu.

M'shedi m'menemo munali Asiyatu, Msilamu wa ku Old Town, mkazi wamfupi wa pakamwa posakhoma. Tinayenera kukhala pa ubwenzi kuyambira tsiku loyamba, poti tonse tinali a ku Lilongwe. Koma wina anakazingira soseji ya nkhumba mu poto wake, ndipo iye anangoloza ine, ati Mchewa ndi amene angachite zimenezo. Sindinali ine. Ndinamuuza kamodzi, sanamve, ndinasiya. Nyengo yonse yozizira tinasoka ukonde umodzi, iye kuyambira uko, ine kuyambira kuno, tikakumana pakati aliyense n'kutembenuka osalankhula.

Kutentha kutafika poipa, mayi wina wachikulire wa ku Mozambiki anati kwawo anthu sagona pansi chonchi, amapachika ukonde pamitengo. Kuseri kwa bwalo kunali mulu wa maukonde otayidwa ndi zingwe zoduka, zimene mzungu mwini bwalolo ankati adzaotcha. Lamulungu lina tinakakoka zimenezo. Panali mitengo iwiri ya bulugama pafupi ndi mpanda. Tinadula mbali zowola, zabwino n'kuzilumikiza, wina akuluka m'mphepete, wina akukwera mumtengo, wina akungolamula ngati kapitawo poti paliponse sapalephera kukhala wotero. Pofika madzulo tinali ndi chinthu chachikulu ngati chipinda. Mzungu anachitcha hamoku. Ife tinkangoti katungwe.

Koma tinalakwitsa chinthu chimodzi. Sitinakoke zingwe mokwanira, ndiye pakati panalendewera ngati mimba ya ng'ombe. Aliyense wokwerapo, kaya agone kumapeto kwenikweni, ankatsetserekera pakati pang'onopang'ono.

Tsiku lina ndinagona mbali ina, Asiyatu n'kukwera mbali inayo, aliyense atayang'ana kwake. Ndinagwira chingwe kuti ndisatsike. Iyenso anagwira. Koma munthu wotopa sagwira chingwe nthawi yaitali. Tinangomva misana yagundana, kenako mitu, gu!

"Iwe wankhumba, chotsa chigongono chako m'nthiti mwanga!"

"Chotsa ndiwe, unandipeza."

Anayesa kukwera, anatsetserekanso. Ine ndinayamba kuseka, iyenso anaseka mpaka kutsokomola. Titatopa ndi kuseka tinangokhala chomwecho, msana ndi msana, thukuta likusakanikirana. Kenako anafunsa, "Mwana wako amene umamulirira uja dzina lake ndani?"

"Tiyamike."

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso dzina langa. Ankangoti make Tiya.

Ku Lilongwe ndinkatumiza katundu kudzera kwa matiransipota: madiresi, nsapato, mabulangete, mafuta odzola, ndi zina zoti alamu nawonso asangalale. Ndikaimba foni ya vidiyo yankho linali lokonzeka kale. Wagona. Akusamba. Ali ku sukulu. Ankanditumizira zithunzi, mwana atavala diresi logula ine, alamu atamugwira dzanja pakhomo la tchalitchi. Asiyatu anabwerera kumudzi ine ndisanabwerere, n'kukayamba geni ya kaunjika. Ine ndinapitiriza kusoka. Ndinkadziuza kuti mwana akudya, akuvala, akuphunzira, ndipo zimenezo zinali zoona.

Kenako tsiku lina anandipatsadi mwanayo pa foni. Ndinamva mawu a alamu kumbuyo: "Tiya, say hello to Anti."

Mwana anati, "Hello Anti," n'kuthawa akuitana, "Mami, Mami!"

Mawa lake ndinakauza mzungu kuti ndikupita kwathu.

Ku Area 3 mlonda anandiimika pa geti mpaka madamu atamaliza kudzola. Atatuluka anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Eee, alamu, mwada bwanji! Ku Joni anzanu amabwerako atayera."

Anandipatsa malo kuboyizikota, kumene amasungirako mafiriji akufa ndi mipando yothyoka. Sindinadandaule, ndinagonapo poipa kuposa pamenepo. Chimene ndinkafuna chinali kuona mwana. Anamutulutsa madzulo: wamtali, wonenepa bwino, tsitsi lolukidwa ndi mikanda, kumapazi nsapato zofiira zimene ndinasankha ndekha. Mphuno ya amayi anga, makutu anga. Ndinagwada n'kutambasula manja.

"Tiya, usawagwire, manja awo ali ndi zilonda. Dirty. Ingopereka moni."

Mwana anabisala kumbuyo kwa siketi ya alamu, n'kumandisuzumira ndi diso limodzi ngati ndine galu wa eni.

Pasanathe masiku ambiri kunabwera amayi a kutchalitchi kudzamwa tiyi. Alamu anandipempha kuti ndithandize kunyamula thireyi, poti wantchito wawo anali atachoka. Antchito sakhalitsa pa nyumba imeneyo. Ndikuthira tiyi, ndinamva alamu akulankhula ndi mawu ofewa aja amene amasungira alendo.

"Uyu ndi mwana wamasiye amene tikulera. Ambuye anangotipatsa mtima, sitikanatha kumuyang'ana akuvutika."

Amayi aja anati, "Aaa, shemu. Mulungu akudalitseni, mayi." Wina anapukuta diso.

"Nanga awa?" anafunsa wina, akuloza ine ndi supuni.

"Ndi achibale a kumudzi, akutithandiza ntchito."

Ine ndinali chiimire pomwepo, wamoyo, tiyipoti ili m'manja. Sindinataye ngakhale dontho. Ndinathira kapu iliyonse mpaka pamlingo wake, n'kufunsa amene akufuna shuga. Ndinkangowayang'ana: anthu ovala zonunkhira, okhala ndi Baibulo la zipi, akudya masikono pa maliro anga.

Madzulo ndinadikira achimwene pakhonde. Anatsika m'galimoto, anamasula tayi, anakhala.

"Achimwene, ndabwera kudzatenga mwana."

"Umutengere kuti? Uli ndi nyumba? Mwanayu amalankhula Chizungu, iwe unalekezera sitandade chani kodi? Bwerera ku Joni, basi ndikulipirira. Uzitumiza ngati kale, zinthu zinkayenda bwino."

"Zinkayendera bwino ndani?"

Anayang'ana foni yawo, n'kuiika pansi, n'kupuma ngati munthu amene watopetsedwa ndi osauka tsiku lonse.

"Chabwino. Ine si munthu woipa. Mwanayo akabwera yekha kwa iwe, osamukoka, osamunyengerera ndi maswiti, umutenge. Koma mwezi uno ukatha akukuthawabe, ukwere basi. Ndalankhula monga malume ake."

Analankhula ndi mawu amene ndikuganiza kuti amakanizira anthu ngongole ku banki, akumwetulira. Ankadziwa kuti apambana. Ine ndinati, "Ndamva, achimwene."

Alamu nawo anamva, poti makutu awo amakhala pa windo. Kuyambira pamenepo mwana ankachoka m'mawa pa galimoto, akabwera n'kulowa pabalaza pa TV, chitseko n'kutseka. Ine pabalaza ndinkaloledwa kulowa pokhapokha pokolopa, mwana ali ku sukulu.

Ndi pokolopa pamene ndinachipeza. Mu ndowa munali chikolopa chakuda, chong'ambika m'mphepete. Ndikuchifinya ndinaona duwa lachikasu. Ndinachitambasula. Chinali chitenje chija. Ndinakhala pansi pa matailosi awo kwa kanthawi. Kenako ndinamaliza kukolopa ndi chiguduli china, chitenjecho n'kupita nacho kuboyizikota. Ndinachichapa, n'kuchiviika, n'kuchichapanso mpaka kubiriwira kunabwerera pang'ono.

Kuseri kwa nyumbayo kuli mitengo iwiri ya mango, yakale, mithunzi yake yogwirana. Palibe amene ankakhalako. Anthu a ku Area 3 ndi odabwitsa: bwalo lalikulu ngati munda, koma amakhala m'nyumba atatseka makatani, n'kumaonera pa TV mabwalo a anthu ena. Ndinayenda kuchokera pa mtengo wina kufika pa unzake. Mpata wake unali ngati wa mabulugama aja.

Mawa lake ndinatsikira ku Old Town, kumsika wa kaunjika. Ndisanamuone ndinamumva, akukangana ndi kasitomala za jekete.

"Make Tiya!"

Chibwerere ku Lilongwe panalibe amene anali atanditchula choncho. Ndinakhala pa belo lake n'kulira pang'ono. Nditamufotokozera zonse anatukwana achimwene, anatukwana alamu, anatukwana banki, kenako anafunsa, "Ndiye tikawamenye liti?"

"Sitimenya munthu. Ndikufuna malamba a mabelo."

Mabelo a kaunjika amabwera atamangidwa ndi malamba olimba a pulasitiki, ndipo akatsegula belo malambawo amangotayidwa. Asiyatu anazungulira mabenchi a anzake onse. Kwa okonza matayala tinapempha linya. Ku depoti tinatola zingwe zoduka zomangira matenti a malole. Kwa azakhali ake kunali maneti a udzudzu obooka, ndipo pa dzala lina tinapeza paipi yothirira maluwa yong'aluka. Tinasenza zonse pamutu n'kukwera mtunda wa ku Area 3 wapansi.

Alamu anatuluka atagwira m'chiuno.

"Zinyalala izi pa nyumba panga? Mukufuna kutiitanira makoswe?"

"Tikuluka pogona, alamu, pa mango paja."

"Machira? Mukufuna kunyamula maliro a ndani?"

"Maliro alipo kale pa nyumba pano," anatero Asiyatu. "Tamva kuti make mwana anamwalira."

Ndinamuponda phazi. Achimwene, amene anali pakhonde ndi nyuzipepala, anangoseka. "Asiye, Gilesi. Alibe chochita. Masiku akupita."

Asiyatu ankabwera masana akasiyira mng'ono wake benchi. Alamu sanamupatse ngakhale madzi akumwa. Ankamwa pa mpopi wa panja ngati ine. Tinayamba ndi chingwe cha m'mphepete, kupota zingwe za malole zitatuzitatu kuti chikhale chonenepa ngati mkono wa mwana. Pozunguliza pa mtengo tinachilowetsa mu paipi ija kuti chisadye khungwa. Malamba a mabelo ndi ouma, amakana mfundo, ndiye tinkawaviika m'madzi otentha, n'kuwang'amba m'litali, n'kumaluka akadali ofunda. Polumikiza paliponse tinkakulunga ndi linya, poti linya likagwira lagwira. Maneti a udzudzu tinawang'amba n'kuwapota kukhala zingwe zofewa za pakati, pamene pamakhudza thupi. Zala zanga zinatsegukanso m'mabala akale. Asiyatu ankaluka kuyambira uko, ine kuyambira kuno, ngati kale, koma tsopano pakamwa pake posatseka.

Tsiku loyamba ndinaona katani la kukhitchini likugwedezeka. Tsiku lina mwana anali pa sitepe. Kenako anafika pa mpopi, ati akusamba m'manja, kusamba kosatha. Asiyatu anafuna kumuitana.

"Usamuyang'ane," ndinanong'ona.

"Mwana wako yemwe?"

"Nkhuku yachilendo ndinaiwetapo. Ukaithamangitsa imalowa m'tchire. Luka."

Titafika pomangirira komaliza, Asiyatu anaponda pa mtengo n'kukoka chingwe ndi mphamvu zake zonse.

"Koka, make Tiya! Tisabwereze zopusa za ku Joni zija, pakati pazikhala pothina."

"Ayi. Lekerera."

"Palendewera!"

"Palendewere."

Anandiyang'ana, chingwe chili m'manja. Kenako anachimasula pang'onopang'ono, akuseka mpaka kukhala pansi. "Iwe ndiwe mfiti. Wallahi, ndiwe mfiti."

Pakati penipeni, pamene munthu amathera akatsetsereka, ndinayalapo chitenje chija n'kuchisokerera m'makona ndi linya.

Mwana anakwera koyamba ine ndili kuboyizikota. Ndinamuona pa windo akudumphadumpha, nsapato zofiira zili pansi. Nditatuluka anatsika n'kuthawa. Zinatero masiku angapo. Alamu ankamukalipira, koma alamu amagona masana, ndipo mwana wa msinkhu umenewo sungamutsekere katungwe ali pa bwalo. Mwezi unali ukupita kumapeto. Achimwene anandifunsa ngati mu basi ndikufuna mpando wa pa windo.

Loweruka lina masana ndinakwera ineyo poyamba. Ndinagona kumapeto kwenikweni, nditafulatira nyumba, chala nditakola mu ukonde, n'kutseka maso. Ndinadikira. Dzuwa linasuntha. Nyerere inayenda pa mwendo wanga, ndinaileka. Kenako ndinamva ukonde ukugwedezeka mbali inayo, pang'onopang'ono, ngati pakwera mphaka.

Ndinamasula chala.

Sindinamukoke. Sindinamuitane. Katungwe anachita ntchito yake. Ine ndinatsikira pakati, ukonde unapendekeka, ndipo ndinamva kamunthu kakukalakata kufuna pogwira, kenako kathupi kofunda kanagunda msana wanga. Kanauma gwa. Ine osapuma n'komwe. Anakwawa kubwerera kumtunda, anatsetserekanso, gu! Kachitatu anachita dala. Ndinamumva akuseka m'manja.

Atatopa anangokhala pomwepo, atanditsamira. Ndinatembenuka pang'ono.

"Anti, manja anu anatani?" Chichewa chake chinali cholimba ngati cha mzungu.

"Ndi chingwe."

"Zimawawa?"

"Zinasiya."

Anagwira chala changa n'kuchitembenuza, akuyang'ana zipsera. Sanafe nacho. Kenako anati, "Mami akuti amayi anga anafa."

"Sanafe. Anapita kutali kukagwira ntchito. Nsapato zofiira zija anagula ndi iwowo."

"Ali kuti?"

"Ndi amene wawatsamirawa."

Sananditchule amayi, sanalire, sanandikumbatire ngati za pa TV yawo. Anangopitiriza kusewera ndi chala changa. Patapita nthawi mpweya wake unasintha. Anagona, tsaya lili pa chitenje chija. Mkono wanga unachita dzanzi, koma sindinausunthe mpaka alamu anadzuka n'kuyamba kukuwa dzina lake.

Koma panalibe mboni, ndipo ndinkawadziwa achimwene anga.

Mawa lake, atachoka ku tchalitchi, kunabwera alendo: anzawo a achimwene a ku banki ndi akazi awo, ndi amayi a tiyi aja. Ankaotcha nyama pa bwalo. Ine ndinali pa mpopi ndikutsuka mbale. Mayi wina wa magalasi akuda anazungulira kuseri n'kukuwa.

"Gilesi! Ichi mwachitenga kuti? It's beautiful!"

Onse anakhamukira komweko, mafoni m'manja. Ndinadikira kuti alamu anene za makoswe.

"Tinaitanitsa ku South Africa," anatero alamu osaphethira. "Ndi handmade. Zonse ndi recycled, mukudziwa ife timakonda environment."

Malamba a kaunjika a ku Old Town, amene Asiyatu anasenza pamutu, anasanduka a ku South Africa chifukwa wawayamikira munthu wa magalasi akuda. Ndinapitiriza kutsuka.

Anafuna chithunzi. Alamu anakwera mbali ina, mayi wamkulu wa amayi a tiyi, amene thupi Mulungu sanawamane, anakwera mbali inayo. Aliyense anakhala mwaulemu, miyendo ataiphatikiza, akumwetulira kamera. Ine ndinaika mbale pansi kuti ndione bwino.

Sizinachedwe. Alamu ndi amene anayamba kupita, chagada, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi n'kuuluka. Mayi wamkulu anawatsatira n'kuwagwera pamwamba. Wigi ya alamu inakodwa mu linya n'kutsala pamenepo ngati khwangwala wakufa. "Lenadi! Lenadi, ndichotse!" Amuna a ku banki anathamanga kukakoka, wina n'kugweramonso.

Tiya anaseka. Anaseka mpaka kupinda, ndipo mwana akaseka choncho amafuna wina woti aseke naye. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuthamanga kudutsa pakati pa alendo onse, kudutsa achimwene, mpaka pa mpopi. Anakumbatira mwendo wanga n'kubisa nkhope mu chitenje changa chonyowa, akunjenjemera ndi phwete.

Manja anga ndinawakweza m'mwamba, thovu likudontha, kuti aliyense aone kuti sindinamukoke.

Mayi wa magalasi akuda anatiyang'ana. "Koma mwanayu wafanana ndi antiwa bwanji! Taonani makutu."

Tiya anatulutsa nkhope. "Awa ndi amayi anga," anatero. "Akuti sanafe."

Nyama inkapsa pa moto, palibe woitembenuza. Ndinayang'ana achimwene. Iwo anayang'ana mu tambula yawo ngati mwagwera ntchentche.

Mawa lake m'mawa ndinapita pakhonde nditakonzeka nkhondo. Ndinali nditakonza mawu ambiri: za mawu awo monga malume, za amayi athu, za kukaitana akuluakulu a kumudzi ngati angakane. Ndinkayembekeza kuti alamu alira, kuti anena kuti mwanayu anamulera ndi iwo, anamusambitsa akudwala, anamuphunzitsa kulemba dzina. Akanatero ndikanawamvera chisoni, chifukwa zina mwa zimenezo anachitadi.

Ndinapeza sutukesi ya mwana ili kale pakhomo. Kulongedza alamu amadziwa.

"Mwana mutenge," anatero. "Watichititsa manyazi mokwanira. Koma katungweyo musiye. Amayi aja akufuna adzachitire pano bridal shower mwezi wamawa, ndinawalonjeza kale."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Zingwezo zamangidwa pa mitengo yanga," anawonjezera achimwene, akumanga tayi. "Ndiye mwalamulo ndi katundu wa pa nyumba pano."

Ndinawayang'ana onse awiri. Zaka zonsezi mwana akuwatchula Mami ndi Dadi, ndipo pa tsiku lomutaya akulimbirana malamba a kaunjika. Palibe amene anafunsa kumene akagone, kapena ngati akapitirize sukulu. Mawu onse amene ndinakonza aja ndinawameza. Anthu otere sumawaonongera mawu.

"Ndakusiyirani," ndinatero.

Ndinatenga mpeni kukhitchini n'kupita pa mango. Alamu ananditsatira mothamanga. "Mukudula chiyani? Mwati mwatisiyira!"

Ndinadula linya la m'makona mokha, n'kukutumula chitenje.

"Ndi chikolopa chabe ichi, alamu. Mugula china."

Masiku ano timakhala m'chipinda kuseri kwa nyumba ya azakhali ake a Asiyatu, ndipo ndimaluka akatungwe ang'onoang'ono n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku City Centre. Tiya analirira TV masabata ambiri. Analirira alamu nawonso, ndipo ndinamuleka alire. Dzina la Anti linatenga nthawi kuti lichoke pakamwa pake, ndipo ngakhale lero akakwiya limabwerera. Za katungwe wa ku Area 3 ndinamva kuti akadalipo, ndipo akugwetsabe alendo, poti palibe pa nyumbapo amene akudziwa kuti n'chingwe chimodzi chokha chofunika kukoka.

Koma tsiku limenelo, titatuluka pa geti, ndinaika sutukesi pansi, n'kuwerama.

"Kwera."

"Ndine wamkulu," anatero Tiya.

"Ndikudziwa. Kwera."

Ndinamumanga ndi chitenje chija, sutukesi n'kusenza pamutu. Chinali chachifupi, mfundo yake inangokwanira pang'ono. Miyendo yake inkalendewera mpaka m'mawondo mwanga, nsapato zofiira zikundimenya pa sitepe iliyonse. Pa siteji anyamata oitanira minibasi anayamba kukuwa. "Mayi, chimwana chonsecho kumsana? Akwatiwa mawa ameneyo! Kwerani, tikuchotserani!"

Sindinakwere. Ndinatsika mtunda wonse wapansi mpaka ku Old Town. Anali wolemera, msana unkawawa, ndipo ndinkafuna kumva kulemera konseko, kwa zaka zonse zimene sindinamunyamule.